Kusiyanitsa jinja wakutchire: Siphonochilus aethiopicus ndi Siphonochilus kirkii

Mwafunsa kuti muziwasiyanitsa bwanji poti fungo likufanana. Mufunika foni ya kamera ndi rula basi, ndipo mupite mvula ikangoyamba cha mu November kapena December, chilimwe masamba amauma simupezapo kanthu.

1. Weramani kaye muone pomwe duwa latulukira. La aethiopicus limatuluka pansi penipeni ngati langogwera pa dothi, lalikulu lofiirira ndi banga lachikasu pakati, nthawi zambiri masamba asanakule nkomwe.

2. Mukaona phesi lalitali lonyamula maluwa angapo apinki, akumasula motsatana, ameneyo ndi kirkii.

3. Yezani tsamba. Aethiopicus ake ndi oonda komanso aatali, kirkii ake ndi otambalala kwambiri.

4. Ngati mbewuyo yakupitirirani msinkhu, ili m'mbali mwa mtsinje ndipo patsinde pali zipatso zofiira, imeneyo ndi Aframomum angustifolium, mtundu wina. Duwa lachikasu pakati pa masamba anayi ogona pansi ndi Costus spectabilis.

5. Jambulani duwa, tsamba pambali pa rula, ndi malowo, mulembe tsiku.

Apa nde pomwe ambiri amalakwitsa: amakumba muzu, kununkhiza nkugamula dzina pompo. Muzu wokha sungakuuzeni chifukwa fungo la aethiopicus ndi kirkii limafanana, komanso chonde osalawa, m'tchire momwemo muli Gloriosa superba amene muzu wake ndi poizoni wakupha. Kukumbako kwamaliza kale aethiopicus m'madera ambiri a ku South Africa, choncho mukapeza duwa palibe ikani chizindikiro mudzabwerenso.