Kugona m'malere pa Phiri la Zomba: mmene ndimachitira ndi hamoki yanga

Agogo anga atayiona koyamba ikulendewera pakati pa mitengo iwiri ya mango kuseri kwa nyumba, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Kodi iwe ukudwala? Nanga machilawa ndi a yani?" Kwa iwo nsalu yolendewera chotere ndi machila basi, onyamulira wodwala, kapena aja ankanyamulirapo azungu nthawi ya atsamunda. Ine ndimaitchula hamoki monga amaitchulira amene anandiphunzitsa, ndipo ndagonamo kangapo m'nkhalango ya pamwamba pa Phiri la Zomba. Ulendo wake ndi wa usiku umodzi: kukwera Loweruka, kutsika Lamlungu, Lolemba uli kuntchito miyendo ikuwawa.

Ndiyambe ndi chimene chinandikhaulitsa, chifukwa nchimene chimabweza anthu ambiri. Ulendo woyamba ndinapita mu Julayi, ndili ndi bulangete lochindikala ndi jekete la pakaunjika, ndikudzimva kuti ndakonzeka. Cha m'ma 1 koloko usiku ndinadzidzimuka msana uli zii, ngati ndagona pasimenti yonyowa. Kumtunda ndinali wofunda bwinobwino, koma kunsi mphepo inkangodutsa pansi pa kansalu kopyapyala n'kumandibera kutentha konse. Ndinayesa kudzikulunga bulangete, osathandiza. Chofunda chimatenthetsa chifukwa cha mpweya umene chimasunga m'kati mwake, ndiye mukachigonera mumachifinya, mpweya uja n'kuthawa. Kunandichera ndili chikhalire pachitsa, mano akuombana.

Choncho musanaganize za chofunda, ganizani za choyala. Pezani kamatiresi kopyapyala kolimba, kosamwa madzi, kofika kuyambira m'mapewa mpaka m'mawondo, mukaike m'kati mwa hamoki. Kakasowa, chotchingira dzuwa pagalasi la kutsogolo kwa galimoto chija, chonyezimira ngati siliva, chimayesetsa ndithu. Njira imene ndimaikonda kuposa zonse ndi ya bulangete lachiwiri: limangeni makona onse anayi ndi tizingwe, lilendewere kunja kwa hamoki, kunsi kwake, likhudze msana wanu popanda inu kuligonera. Likasiya mpata mphepo ilowamo, ndiye mnzanu alikoke inu mutagonamo kale mpaka likumamatireni. Valaninso chipewa choluka ndi masokosi ouma amene simunayende nawo masana.

Musanyengedwe ndi kutentha kwa m'tauni. Zomba ili pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pomwe Malumbe, nsonga yayitali kwambiri ya phirili, imapitirira mamita 2,000, ndipo pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Mu Juni ndi Julayi onjezerani chiperoni, nkhungu ya mvula yowaza ija imene imatha kukuta phiri masiku angapo. Kwa oyamba kumene, ine ndingati pitani mu Meyi kapena kumapeto kwa Ogasiti. Mu Okutobala udzu umakhala utauma gwa ndipo moto wolusa suchedwa. M'dzinja njira zimaterera, ndiponso kugona pansi pa mitengo italiitali kukuchita ziphaliwali si nzeru.

Hamoki yeniyeniyo simufunika kuitanitsa kunja. Yanga anandisokera telala. Gulani nsalu ya nayiloni yolimba, mamita 3 m'litali, mita imodzi ndi theka m'lifupi. Mbali ziwiri zifupizifupizo apinde kuti pakhale mphako yopisamo chingwe, asoke mizere itatu ndi ulusi wolimba, ndipo muime pomwepo muone kuti wasokadi itatu. Mukapisa chingwe n'kukoka, nsalu imasonkhana pamodzi ngati pakamwa pa thumba. Chitenje musayese: nchachifupi, nchopapatiza, komanso chimamwa mame. Pomangira pamtengo gwiritsani malamba aphanthiphanthi, chifukwa chingwe chozungulira chimacheka khungwa. Anga ndi malamba a mipando ya galimoto zakutha amene ndinagula kwa ogulitsa zitsulo zakale. Satamuka, ndipo lamba amene anapangidwa kuti agwire munthu pangozi sangalephere kugwira munthu wogona. Zonsezi yesani kunyumba kaye, mugonemo usiku wathunthu pabwalo. Msoko wofooka uuzindikire pakhomo pako.

Phirili ndi nkhalango yotetezedwa, yoyang'aniridwa ndi nthambi ya boma yoona za nkhalango, ndiye si paliponse pamene mungapachike. Funsani malo ololedwa kugona, monga a pafupi ndi Trout Farm, mulipire zimene amalipiritsa. Pitani awiri kapena atatu, ndipo ulendo woyamba tengani mmodzi mwa anyamata otsogolera alendo amene amapezeka cha ku hotela ya Ku Chawe. Gwirizanani mtengo musananyamuke. Kunyumba nenani komwe mukagone ndi nthawi imene mufike mawa lake, popeza pamwambapo netiweki imabwera n'kuchoka mmene yafunira.

Ine ndimakwera kudzera ku Potato Path, kanjira kotsetsereka kwambiri kochokera kumtunda kwa tauni. Ndi chikwama kumsana kamanditengera maola awiri, ndikupumira. Mudzakumana ndi amayi akutsika ndi mitolo ya nkhuni yotalika kuposa iwo eni, ndipo mudzachita manyazi kudandaula za chikwama chanu. Apatukireni, apatseni moni. Komabe chikwamacho chisapose gawo limodzi mwa magawo asanu a sikelo yanu: wolemera makilogalamu 60 asapitirire 12. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye nyamulani malita awiri, ena mukatunga konko. Zolemera zikhale pafupi ndi msana, bulangete ndi zovala zogonera muziike m'jumbo yaikulu m'kati mwa chikwama, tochi ndi jekete pamwamba.

Nyamukani m'mawa kuti mukhale ndi nthawi yoona malo. Mathithi a Williams sali kutali kwambiri. Ku Emperor's View, komwe anakaima mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965, kukacha bwino mumaona Nyanja ya Chilwa ndi Phiri la Mulanje patali. Chingwe's Hole, dzenje lakuya lachilengedwe, ili kutali, mbali ya kumadzulo yoyang'ana chigwa cha Shire, ndipo kuithamangira tsiku lomwelo ndi katundu kumsana n'kudzivutitsa chabe. Chimene sindisintha n'chakuti 4 koloko izindipeza pamalo ogona. Nyengo yozizira dzuwa limalowa isanakwane hafu pasiti 5, ndipo m'nkhalango mdima umayamba msanga kuposa pamenepo. Kusankha mitengo ndi tochi kukamwa ndinakuyesapo, sindidzabwerezanso.

Malo abwino ndi a pakatikati. Mphepete mwa mtsinje mumakoma masana, koma usiku mpweya wozizira umatsikira m'chigwa ndipo mame amachuluka. Pamsonga, pamene maso amaona kutali, mphepo imakugwedezani usiku wonse. Kwerani pang'ono kuchoka pamadzi, pomwe pali zitsamba zotchinga kumene mphepo ikuchokera. Dziwaninso kuti zigawo zambiri za paini zinadulidwa, ndiye mitengo iwiri yoyenera sipezeka paliponse ngati kale.

Mukaiona mitengo, yambani mwayang'ana kumwamba. Tsiku lina ndinali nditamanga kale lamba mmodzi pamene mnyamata wotitsogolera anandigwira mkono. "Madala, apo ayi. Taonani uko." Pamwamba penipeni pa pomwe mutu wanga ukanakhala panali nthambi youma yonenepa ngati mwendo wanga, yothyoka kale, yongokodwa pa inzake. Mtengo ukhale wamoyo, wonenepa kuposa ntchafu yanu, wosagwedera mukaukankha. Bulugamu ndimamupewa chifukwa amagwetsa nthambi mosachenjeza. Paini ndi wabwino, kungoti utomoni wake umamatirira m'malamba. Kenako yang'anani pansi. Mukaona mzere wa linthumbu, nyamulani katundu muchokepo, musakambirane nawo. Kulendewera sikukupulumutsani, amakwera mtengo n'kuyenda palamba.

Mitengoyo italikirane mamita 4 kapena 5, omwe kwa ine ndi masitepe 6 oyenda mwachizolowezi. Zungulizani malamba cha pamsinkhu wa mutu wanu. Apa ndi pomwe ambiri amalakwa: amakoka hamoki kuti njo ngati chingwe choyanikapo zovala, poganiza kuti ikawongoka agona mowongoka. Zimene zimachitika n'zakuti mbali zake zimakupanikizani mapewa, ndipo mphamvu yokoka malamba ndi msoko imatha kuposa sikelo yanu katatu. Isiyeni ikhale yogwera pakati, malamba atsike pa madigiri pafupifupi 30. Poyeza, lozani chala chamkombaphala mopingasa, chala chachikulu chiloze kumwamba. Mzere wochokera pansonga ya chachikulu kufika pansonga ya chamkombaphala ndiwo kapendekeke kamene lamba akuyenera kukhala nako. Pamenepo lamba aliyense amanyamula mphamvu yofanana ndi kulemera kwanu basi. Mbali ya kumiyendo ikwere ndi chikhatho chimodzi kuposa ya kumutu, apo ayi mudzatsetsereka usiku wonse. Mukakhalamo, ikhale yotalika ngati mpando wa m'nyumba, mapazi akugunda pansi, ndipo chotsani miyala ndi zitsa kunsi kwake kuti china chikaduka mugwe ngati mwagwa pampando.

Pogona musatsate mzere wa pakati, mudzapindika ngati uta. Khalani pakati kaye, kenako tembenukani pang'ono, mutu upite mbali ina, miyendo mbali inayo. Nsalu imayalika yokha pansi panu, msana n'kuwongoka, ndipo mutha kugona cham'mbali. Jekete lopinda pansi pa mawondo limathandiza.

Pamwamba pa hamoki mangani chingwe china kuchoka pamtengo kufika pamtengo. Pamenepo yalani lona, la mamita 3 mbali zonse ndi lokwanira, makona ake muwakokere pansi ndi zikhomo, mbali ya kumphepo mulitsitse kwambiri. Limangeni ngakhale kumwamba kuli nyenyezi zokhazokha, chifukwa nkhungu ya pa Zomba ikafika mitengo imayamba kudontha ngati mvula. Madzi amatsikanso ndi malamba kulowa m'hamoki, ndiye mangani kachingwe ka nsapato palamba aliyense, pansi pa lona, kalendewere. Madzi akafika pamenepo amatsata kachingweko n'kudonthera pansi. Neti ya kunyumba ipachikeni pachingwe chomwechi ndipo izungulire mpaka kunsi. Udzudzu ndi wochepa pamwamba kusiyana ndi ku Chilwa, koma umene ulipowo umaluma kupyoza nayiloni.

Za chakudya sindivutika nazo. Mbatata yophika kale, mtedza wokazinga, buledi ndi chiponde, masamba a tiyi ndi shuga. Madzulo kansima ndi usipa m'kapoto kamodzi, nsima ikapsa muipakulire m'mbale, usipa ulowe momwemo. Moto kolezani pokhapo pamene pali mafuwa akale ndipo mwaloledwa, ndi nkhuni zotola pansi, kutali ndi hamoki chifukwa kamoto kamodzi kothetheka kamaboola nayiloni. Pansi pa paini masamba ouma amaunjikana mochindikala ndipo moto umayenda kunsi kwake osaoneka. Thirani madzi, takasani, thiraninso, mpaka phulusa muligwire ndi dzanja. Chakudya chotsala mangani bwino m'chikwama ndipo musachisiye poyera ngakhale mphindi zochepa: anyani ndi apusi a kumeneko amaidziwa jumbo.

Madzi a mumtsinje, ngakhale aoneke oyera mbee, awiritseni kapena thiranimo WaterGuard. Ndipo pofuna kudzithandiza pamalo opanda chimbudzi, pitani masitepe osachepera 70 kuchoka pamadzi, kumbani kadzenje kakuya ngati chikhatho, mukwirire. Mtsinje wa Mulunguzi umathira m'damu la Mulunguzi, ndipo madzi a m'damu limenelo ndi amene amatuluka pampopi ku Matawale ndi ku Chinamwali. Sopo nayenso asalowe mumtsinje.

Usiku wake ndi wautali, maola oposa 12, ndipo woyamba tulo timavuta. Kanyama kakang'ono koyenda pamasamba ouma kamamveka ngati munthu. Mphepo ikamadutsa mu paini imalira ngati galimoto ikubwera patali, osafika. Tochi ndi botolo la madzi zipachikeni pachingwe cha pamwamba chija pomwe dzanja lingafike. Kodzani musanalowe, chifukwa kutuluka m'neti, m'bulangete ndi m'hamoki 2 koloko usiku ndi chintchito. Mukatuluka, walitsani pansi musanaponde. Mphiri sithawa ngati njoka zina, imangokhala phee podikira kuti muipondere. Nsapato zipachikeni kapena ziikeni m'jumbo, ndipo m'mawa zikutumuleni musanapise phazi, kuopa nankalizi.

Kukacha musathamange. Kolezani tiyi, lona liume kaye dzuwa likamatuluka, kenako masulani malamba muone ngati asiya chipsera pakhungwa. Ngati asiya, ulendo wina pezani otambalala kuposa amenewo. Tolani kalikonse, ngakhale kapepala ka switi ka munthu wina. Potsika samalani mawondo, Potato Path imavuta kutsika kuposa kukwera, ndipo ndodo imathandiza. Ine ndimasungako kandalama kogulira sitiroberi kwa ogulitsa a cha ku Ku Chawe, chifukwa ana sandilola kulowa m'nyumba chimanjamanja. Ndikafika ndimaiyanika hamoki pamitengo ya mango ija kuti isachite nguwi, ndipo nthawi zambiri ndikamatuluka kubafa ndimapeza agogo ali m'machila muja, mpango kumaso, akuti akungoyesa ngati telala anasoka bwino.