Kupita ku Great Zimbabwe kuchokera ku Dedza

Achimwene, mwafunsa njira yokaonera likulu lakale la mafumu a Chishona lija.

Choyamba, onetsetsani kuti pasipoti sinathe ntchito. Dinditsani pa boda ya Dedza ndi Calomue, mudutse Tete mpaka Nyamapanda, boda yolowera ku Zimbabwe, kenako Harare. Kumeneko kwerani basi ya ku Masvingo. Mabwinjawo ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauniyo.

Lawirirani kukwera Hill Complex, mabwinja a pamwamba pa phiri, dzuwa lisanawawe, chifukwa timipata ta m'matanthwe n'topanikiza. Mukatsika pitani ku Great Enclosure, mpanda waukulu wa miyala. Apa ndiye musapupulume ayi. Khoma lake limafika mamita 11, miyala yongosanjikiza popanda matope, ndipo laima zaka mazanamazana. Ine limandizizwitsabe mpaka lero.

Malizirani ku miziyamu, mukaone mbalame yosemedwa pamwala imene ili pa mbendera ya Zimbabwe.