Popita kokazula nyika, samalani ndi ng'ona

Anzanga a ku Nsanje ndi ku Chikwawa, njala ikakula mu Januwale ndi Febuluwale ambiri timathamangira ku dambo la Ndindi kapena ku Elephant Marsh kukazula nyika, mizu yodyedwa ya maluwa omera m'madzi. Ndikupempheni chinthu chimodzi: musamalowere padoko lomwelomwelo tsiku ndi tsiku pa nthawi yofanana. Ng'ona ndi nyama yodekha kwambiri. Imabisala pakati pa masamba a nyika omwewo, maso ndi mphuno zokha zili pamwamba pa madzi, n'kumaona pamene anthu ndi mbuzi azolowera kufika. Ikadziwa, imakadikira pomwepo.

Pitani dzuwa litakwera, osati m'bandakucha kapena chakumadzulo, ndipo pitani muli angapo. Wina akhale m'bwato maso ali pamadzi pamene ena akuzama. Ana asiyeni kumtunda ndithu, ngakhale alire.

Mvuu nayo imatuluka usiku kukadya udzu, n'kubwerera m'madzi kukamacha. Mukaona kanjira kake kopondedwa m'bango, ndowe zili mbwee m'mbali, dziwani kuti imadutsa pamenepo, ndipo musaime pakati pa iyo ndi madzi. Nyika mwazulazo muziphike mpaka zipse bwinobwino musanapatse ana.