Momwe mungapangire ma antibody mu labu osataya thukuta la sabata yonse

Achimwene ena amene angoyamba ntchito mu labu ina kuno ku Joni akhala akundifunsa pa WhatsApp kuti ayambire pati popanga ma antibody, mapuloteni amene thupi limadzitetezera nawo ku matenda. Ndangoti ndilembe pano.

Yambani ndi kusankha chamoyo chokupangirani. Bakiteriya wa E. coli ndi wotchipa, amaswana usiku umodzi, koma samata shuga pa antibody, ndiye amayenera tizidutswa ta antibody tokha, monga mankhwala a maso otchedwa ranibizumab. Fodyanso amatha: ZMapp, yomwe anaiyesa pa Ebola mu 2014, inkapangidwa m'masamba a Nicotiana benthamiana, wachibale wa fodya. Agogo anga ku Kasungu sanakhulupirire. Koma mankhwala ambiri otere m'zipatala amachokera m'maselo a CHO, ochokera ku kanyama kotchedwa hamster. Ngati mukungofuna pang'ono poyesera, tengani maselo a munthu otchedwa HEK293, sachedwa.

Sakanizani mapulasimidi awiri (DNA yonyamula malangizo opangira antibody), a heavy chain ndi a light chain (zigawo ziwiri za antibody), ndi PEI (mankhwala olowetsa DNA m'maselo), thirani m'maselo, ikani mu incubator yogwedeza pa 37°C. Dikirani masiku 5 mpaka 7. Incubator ikhale pa jenereta, magetsi a kuno mukuwadziwa. Medium, madzi olereramo maselo, musagule kwa anyamata a mitengo yotsika aja. Ine inandipeza itatha masiku, foni yawo yosapezekanso.

Tsopano Protein A, puloteni yogwira antibody poiyeretsa, pamene ndinalira. Mukasefa madzi a maselowo n'kuwadutsitsa mu column (chubu chokhala ndi Protein A), antibody imakakamira mkati. Kuti ituluke mumathira glycine wa pH 3, madzi a asidi. Asidi ameneyu akakhalitsa nayo, antibody imaundana. Choncho Tris wa pH 9, wochepetsa mphamvu ya asidiyo, mumuthiriretu m'machubu olandirira MUSANAYAMBE kutulutsa. Ine ndinati ndithira ndikamaliza, kenako kunabwera foni ya kumudzi, nkhani ya feteleza. Pobwerako machubu ayera ngati madzi otsukira mpunga. Ndinazunguza pa centrifuge, ndinasefa, zotsala sizinakwane n'kuyesera komwe. Mabwana sanakalipe, anangondiyang'ana, zomwe zinawawa koposa. Chubu chilichonse chikadzaza chigwedezeni pang'ono, yezani pH ndi kapepala. Foni ikhale m'thumba.

Protein A ndi wodula moopsa, musamutaye. Mutsukeni, musungeni mu ethanol wa 20% mufiriji, agwiranso ntchito kangapo.

Kwatsalaku n'kwachizolowezi. Sinthirani antibody mu PBS (madzi a mchere osungiramo), sefani pa sefa ya 0.22 µm, yendetsani gel yolekanitsa ma chain aja malinga ndi kukula kwake. Mukaona mizere iwiri, pa 50 ndi 25 kDa (muyeso wa kulemera kwa puloteni), zatheka. Sungani pa 4°C. Izitu ndi za kafukufuku, musabaye nazo munthu. Za odwala zimafuna fakitale yotsatira malamulo opangira mankhwala (GMP) ndi chilolezo cha SAHPRA, bungwe loyang'anira mankhwala kuno ku Joni.