Wa ku Lusaka ukafuna kukaona nyanja ya mchere: msewu wa EN1 ku Mozambique

Abale amene muli kuno ku Lusaka, ambiri mwakhala mukundifunsa za ulendo wanga wa ku Mozambique wa Disembala uja ndiye ndingolemba kamodzi. Ife tinazolowera Salima ndi Mangochi, koma nyanja ya mchere ndi nkhani ina, ndipo msewu wake ndi EN1, wochoka ku Maputo kukwera kumpoto.

Ukatuluka mu Maputo umafika pa Macia, pamenepo ukakhotera kumanja ndi ku gombe la Bilene. Ukapitirira uwoloka Limpopo pa Xai-Xai, pafupifupi makilomita 200 kuchokera ku Maputo, pa buliji amalipiritsa ndiye khalani ndi ma metical m'thumba, kwacha yathu ya kuno sakuidziwa. Kenako Quissico, apa imani ndithu muone madzi a buluu ali mmunsi mwa chitunda, kenako Lindela pomwe pali mphambano yopita ku Inhambane ndi ku gombe la Tofo. Vilankulo ili kutsogolo kwambiri, makilomita cha m'ma 700 kuchokera ku Maputo.

Koma musanamizidwe ndi nthawi ya ulendo imene Google Maps imakuuzani. Msewuwu umadutsa mkati mwa matauni ndi midzi, paliponse pali chikwangwani cha 60, ndipo a traffic ovala zoyera amakhala pansi pa mtengo wa kashu ndi kamera yawo. Ine anandiimitsa ndikuthamanga 68 basi, Chipwitikizi sindidziwa, tinangolozerana zala mpaka ndinalipira, risiti ndinaiumirira ndithu. Amafunanso matrayango awiri ndi vesiti yowala ija, isakhale mu buti pansi pa zikwama, ikhale pafupi.

Opita pa galimoto kuchoka kuno, njira ndi Great East Road mpaka Katete, boda ya Chanida, Tete, Chimoio, nkukalowa EN1 pa Inchope, ndiye kuti mukutsika kuchokera kumpoto, muyamba kufika ku Vilankulo, ku Maputo simufunika kufikako nkomwe. Chigawo cha Inchope mpaka mtsinje wa Save ndi maenje okhaokha, usiku osayerekeza. Tengani white book (chikalata cha umwini wa galimoto), kalata ya Interpol yosonyeza kuti galimoto si yakuba, ndipo inshuwalansi mugule pa boda. Ku Tete Chinyanja amamva, mukadutsa Save iwalani, phunzirani "bom dia" ndi "obrigado".

Peri-peri wa m'mabotolo amene amagulitsa m'mbali mwa msewu kufupi ndi Inharrime, pakati pa Quissico ndi Lindela, gulani awiri, mmodzi alamu anu akulandani mukangofika ku Kabwata.