Momwe Mungasiyanitsire Sitima Zankhondo za Shivalik ndi Nilgiri pa Chithunzi

Asilikali a pamadzi a dziko la India ali ndi magulu awiri a sitima za mtundu wa frigate (sitima zankhondo za msinkhu wapakatikati) zonyamula mizinga zomwe anthu amazisokoneza: Shivalik ndi Nilgiri. Onse awiri anapangidwa ku India komweko, ndipo mukaziona patali zimafanana ndithu.

Yambani ndi nambala yolembedwa m'mbali, cha kutsogolo. Gulu la Shivalik lili ndi sitima zitatu zokha, zopangidwa ku Mazagon Dock ku Mumbai: Shivalik F47 yomwe inayamba ntchito mu 2010, Satpura F48 ya mu 2011, ndi Sahyadri F49 ya mu 2012. M'gulu la Nilgiri, sitima ya Nilgiri, yomwe inayamba ntchito pa 15 Januwale 2025, ndi F33, Himgiri ndi F34, Udaygiri ndi F35. Mukaona chilembo cha D, imeneyo ndi destroyer (sitima yankhondo yaikulu kuposa frigate), isiyeni.

Nambala ikabisika ndi mafunde, yang'anani mlongoti waukulu, ndipo apa ndiye pofunika kwambiri. Pa Shivalik pamwamba penipeni pali radar yozungulira ya Fregat yochokera ku Russia. Pa Nilgiri mlongoti ndi wonenepa, wotsekedwa, ndipo uli ndi mbale zinayi zafulati zosazungulira za radar ya MF-STAR ya ku Israel, imodzi mbali iliyonse. Chenjezo lake nlakuti destroyer za gulu la Kolkata zilinso ndi mbale zomwezi, choncho mlongoti wokha sukwanira.

Kenako tsikirani kuseri kwa mfuti yakutsogolo. Shivalik ili ndi choponyera cha mkono umodzi cha mizinga ya Shtil, chooneka bwino. Nilgiri ilibe mkono umenewu. Mizinga yake 32 ya Barak 8 ndi 8 ya BrahMos imakhala choimirira m'mabokosi a pansi, pamwamba pamangooneka zivundikiro.

Ambiri amaphonyera pa sitima za gulu la Talwar, gulu linanso la ma frigate a India. Zomwe zinayamba kufika anazipanga ku St Petersburg ndi ku Kaliningrad m'dziko la Russia, ndipo nazonso zili ndi mkono wa Shtil ndi radar ya Fregat. Kuti musagwe m'mbuna imeneyi, pezani chithunzi cha kumbuyo. Chipinda cha helikopita cha Shivalik n'chachikulu, chokwana ziwiri, pomwe cha Talwar n'cha imodzi. Mfuti nayo imasiyana: mamilimita 76 pa Shivalik, 100 pa Talwar. Komanso Tushil F70 ndi Tamal F71, zatsopano m'gulu la Talwar, zilibe mkono uja, ndiye kusowa kwake sikutanthauza kuti mwapeza Nilgiri.

Utali musaudalire kwambiri. Shivalik ndi mamita pafupifupi 143, Nilgiri 149, ndipo kusiyana kumeneku diso silingakuone. Umathandiza pokhapokha Talwar, ya mamita 125, itaima pambali pake padoko.