Kuluka Kachipewa ka Mwana Wakhanda

Pezani ulusi wofewa wa DK (wokhuthala pang'ono) wokwana magalamu 50 ndi singano ziwiri zolukira za 4 mm. Yambani ndi masitichi 72. Amakwana mutu wa masentimita 33 kapena 34. Mzere woyambawu musaukoke kwambiri, chifukwa m'mphepete mukalimba, kachipewa kamamufinya mwana pachipumi n'kusiya chidindo.

Lukani mpendero wa masentimita 3, sitichi imodzi kutsogolo, ina kumbuyo. Kenako pitirizani mosalala (mzere umodzi kutsogolo, wina kumbuyo) mpaka masentimita 10 kuyambira m'mphepete. Apa yambani kuchepetsa: lukani masitichi 6, awiri otsatira muwaphatikize, mpaka mzere uthe. Mzere wotsatira ungodutsa osachepetsa. Bwerezani ndi 5, kenako 4, mpaka atsale 9. Pisani ulusi m'masitichiwo, kokani, musoke msoko chakunja kuti usamukande mwana.

Mukaona kabowo pakati, ndiye kuti ulusi unakulungika pasingano mwangozi. Masulani mpaka pamzere wa kabowoko basi.